Thumba la balere lochokera ku Caledon: kodi lingachite ku Tsangano?

Funso: Ndine mlimi wa ku Tsangano, ndimalima mbatatesi ndi tirigu pang'ono. Mphwanga amagwira ntchito pa famu ya balere kufupi ndi Caledon ku South Africa. Akuti pobwera pa Khirisimasi andinyamulira thumba la mbewu, ndidzale ekala yonse, ndikagulitse kwa ofulula mowa wa m'mabotolo ku Blantyre. Kodi zimenezi zingatheke? Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri athu sanatipangire mbewu ya balere yathuyathu?

Yankho: Bambo, ndiyamba ndi chimene chili chachangu, poti Khirisimasi sichedwa kufika. Mphwanuyo muuzeni thumbalo alisiye komweko. Maganizo oyesa balere ku Tsangano ndi abwino ndipo ndikuuzani mmene mungayesere, koma khomo limene akufuna kulowera m'munda mwanuli ndi loopsa.

Mbewu ikamayenda imanyamula ndi matenda ake omwe. Pali nthenda ina ya balere ndi tirigu imene imabisala m'kati mwenimweni mwa njere, pamene pamatulukira mphukira. Njereyo mukaiika m'dzanja imaoneka yonenepa, yopanda banga, ndipo ngakhale muitsuke sizithandiza. Mukaidzala imamera bwino lomwe. Tsiku lotulutsa ngala ndi pamene mumaona zoona zake: m'malo mwa njere mumapeza mwaye wakuda ngati wa kudenga la khitchini, ndipo mphepo imauwaza pa maluwa a ngala zoyandikana nazo, chaka chamawa zomwezo. Palinso ina yoopsa kuposa imeneyi, imene akatswiri amaitcha wheat blast. Inayamba kuoneka ku Brazil mu 1985, inatulukira ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'nyengo ya mvula ya 2017/18 inapezeka ku Mpika m'dziko la Zambia, pafupi pomwepa. Imayeretsa ngala isanakhwime, njere n'kutsala mankhusu okhaokha. Imakhala pa mbewu, ndipo imagwiranso balere. Famu ya mphwanuyo ikhoza kukhala yoyera ndithu, koma zotere sazidziwa ndi maso. N'chifukwa chake mbewu yolowa m'dziko imafuna chilolezo cha nthambi ya kafukufuku wa zaulimi kuno, pamodzi ndi chikalata cha dziko limene yachokera chotsimikiza kuti inapimidwa. Thumba lobwera pansi pa mpando wa basi lilibe zonsezi. Kwanuko tirigu ndi wa mudzi wonse, ndipo nthenda ikalowa pa ekala yanu sidzaima pa malire a munda.

Tsopano tinene za mbewu yeniyeniyo. Ambirife dzina la balere tinalimvera kutchalitchi, pa mikate isanu ija, koma sitinamuonepo ali m'munda. Amafanana kwambiri ndi tirigu, kungoti ngala yake ili ndi ndevu zazitali zokwekwesa, ndipo mitundu yambiri makoko ake amamatirira ku njere osachoka popuntha. Anthu anayamba kumulima zaka pafupifupi 10,000 zapitazo m'dera limene lero kuli Syria, Turkey, Iraq, Jordan ndi maiko oyandikana nawo, kumene mvula imagwa nthawi yozizira, dzuwa n'kubwera pokolola. Khalidwe limenelo sanalisiye mpaka lero. Amakondwa kukamazizira madigiri 15 mpaka 20, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 30 pamene njere zikudzaza, njerezo zimafota, zimatsala zopyapyala ngati mpunga wamphwepwa.

Ku Caledon, m'chigawo cha Overberg, nyengo yake ndi yomweyo ya kwawo kwa balere. Amadzala cha mu Meyi mvula ya nthawi yozizira ikayamba, amakolola cha mu Okutobala ndi Novembala kutauma. Ndiponso kumeneko n'kutali kummwera, masana amatalika kwambiri chaka chikamapita kumapeto, ndipo balere amamva kutalika kwa masanako, ndi kumene kumamuuza kuti nthawi yotulutsa ngala yakwana. Kwathu kuno usiku ndi usana sizisiyana kwenikweni chaka chonse. Choncho mbewu imene anaisankhira masiku a ku Caledon ikafika ku Tsangano ikhoza kusokonezeka, kufulumira kutulutsa ngala isanaphuke ana okwanira kapena kuchedwa mpaka chinyezi chitatha. Palinso mitundu ina ya kumaiko ozizira kwambiri imene imafuna milungu ingapo ya chisanu chenicheni isanabereke. Yotereyo mukaidzala kuno imangobiriwira ngati udzu wa kudambo, ngala osatuluka.

Komatu Tsangano ali ndi mwayi umene madera ambiri a dziko lino alibe. Pamene tirigu amacha ndi chinyezi chotsalira ndi mvula ya chiperoni, balere akhoza kucha, ndipo kawirikawiri amafulumira kuposa tirigu ndi kufuna madzi ocheperapo. Anansi athu amalima. Ku Kenya amalima ku Mau Narok ndi ku Timau, m'mapiri opitirira mamita 2,000. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe amalima nthawi yozizira mothirira, m'mafamu akuluakulu. Mapiri athu ndi otsikirapo, tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, koma miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi imazizira mokwanira. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthaka. Pa mbewu zonse za ngala zing'onozing'ono, balere ndiye sapirira nthaka ya asidi. Mizu yake imafupika, nsonga n'kutupa, mmera n'kuchita chikasu ngakhale mwathira feteleza. Mbatatesi yanuyo imapirira asidi, kotero munda umene mbatatesi ikusangalala nawo sukulonjeza kanthu kwa balere. Nthaka zofiira za m'mapiri mwathu zambiri zili ndi asidi. Musanataye njere ndi imodzi yomwe, dothi lipite kukapimidwa, ndipo likapezeka ndi asidi wambiri pafunika laimu miyezi ingapo musanadzale. Lowe nalonso balere sagwirizana nalo. Madzi akaima pa mizu masiku owerengeka, zatha.

Za msika ndiye ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene alimi ambiri amapsa. Ofulula mowa sagula njere za balere. Amagula chimera. Inu chimera mumachidziwa, palibe mwana wa kumudzi amene sanaone agogo akuviika mawere mu mtsuko, kuwayala pa chiguduli m'nyumba, kufunditsa masamba a nthochi, kuwaza madzi m'mawa uliwonse mpaka timizu toyera titatuluka n'kugwirana ngati mphasa, kenako kuyanika padzuwa ndi kupera. Fungo lake lija lotsekemera, la thobwa lisanaphikidwe, limachokera ku mphamvu imene njere imadzutsa ikamamera, yosandutsa ufa kukhala shuga. Ku fakitale ya chimera amachita zomwezo za agogo, kungoti matani ambirimbiri nthawi imodzi: kuviika masiku awiri, kumeretsa masiku anayi kapena asanu, kuumitsa ndi mpweya wotentha. Balere amakondedwa pa ntchitoyi chifukwa mphamvu yosandutsa ufayo ali nayo yambiri, ndipo makoko ake omatirira aja amagwira ntchito ya chisefero posefa madzi a mowa.

Ndiye taganizani. Agogo njere khumi zikakana kumera pa chiguduli palibe mlandu, thobwa likoma basi. Ku fakitale amafuna kuti pa njere 100 zimere 95 kapena kupitirira, ndipo zimere pa nthawi imodzi, mofanana. Amafuna njere zonenepa zofanana kukula, zouma mpaka chinyezi chitsike pa 12 kapena 13 peresenti, zosasenda makoko popuntha, zopanda nkhungu, za mtundu umodzi umene iwo anauyesa kale n'kuuvomereza. Amapimanso mapuloteni, ndipo amafuna akhale pakati pa 9 ndi 11.5 peresenti kapena pafupi pamenepo. Apa ndi podabwitsa kwa mlimi wa chimanga, amene anazolowera kuti feteleza wobereketsa akachuluka ndiye phindu. Kwa balere wa chimera, yuriya akachuluka kapena akachedwa kuthiridwa, mapuloteni amakwera, mowa umachita matope, ndipo katundu yense amabwezedwa. Munda umene mwangokumbamo mbatatesi umakhala ndi chakudya chotsalira chambiri, kotero ngoziyi kwa inu ili pakhomo. Mmera umathanso kugwa pansi ndi kunenepa. Ndinaonapo ndime yoyesera ya tirigu itagona yonse usiku umodzi wa mphepo chifukwa cha zomwezi, ngala zili m'dothi, njere zikumerera pomwepo.

Fakitale ya mowa ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, ndipo mu 2016 inagulidwa ndi Castel. Mowa wa m'mabotolo wa kuno wakhala ukudalira chimera chochokera kunja. Kumene alimi amapindula ndi balere, pakati pa munda ndi ofulula pamakhala fakitale ya chimera: ku Zimbabwe ili ku Kwekwe, ku South Africa ina ili ku Caledon komweko, ku Zambia inatsegulidwa ku Lusaka mu 2017. Ndipo kumeneko mlimi sadzala kaye n'kumakafuna wogula pambuyo. Kampani ndi imene imamupatsa mbewu, imamuuza mtundu, imalemba mtengo pa pepala mbewu isanalowe m'nthaka. Inu musadzale ekala ya balere wa chimera popanda pepala lotere m'manja. Mukatero mudzasenza matumba kupita nawo ku Blantyre n'kubwerera nawo, mutalipira thiransipoti kawiri.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndimalikonda. Kupanga mtundu watsopano wa balere ndi ntchito ya zala ndi zaka. Duwa lake ndi laling'ono, ndipo limadzipatsa lokha mungu, nthawi zambiri ngala ikadali m'chimake. Kuti mukwatitse mitundu iwiri muyenera kulitsogolera. Ine ntchito imeneyi ndinaigwira pa tirigu, ndipo ya balere ndi chimodzimodzi. Mumakhala pa kampando pakati pa mizere m'mawa dzuwa lisanatenthe, mumasankha ngala yanthete, mumadula ndevu ndi nsonga za makoko ndi sizasi yaing'ono. Kenako ndi kachitsulo kopanira mumalowa m'duwa lililonse kuchotsa timatumba ta mungu titatu tikadali tobiriwira, osakhudza kambali kachikazi kooneka ngati nthenga. Mukasiya kamodzi kokha, ntchito yonse yapita pachabe. Mukatha mumaveka ngalayo kathumba ka pepala, mumalemba tsiku. Pakapita masiku awiri kapena atatu mumabwera ndi ngala ya mtundu winawo imene mungu wake wapsa, mumaigwedezera m'kathumbamo, n'kutsekanso. Mwayi ukakhala nanu mumapeza njere khumi kapena khumi ndi zisanu, zokwinyika, zosaoneka bwino.

Ana obadwa ku njere zimenezo amafanana onse. Zidzukulu ndiye zimabalalika: ichi chachitali, icho chachifupi, china chofulumira, china chogwidwa chiwawu, china ayi. Katswiri amayenda pakati pa zikwizikwi za mimera kusankha, kudzalanso, kusankhanso, mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, mpaka mzere uliwonse, ndiye kuti banja la mimera yochokera kwa kholo limodzi, utakhazikika moti ana ake onse akufanana ndi kholo. Akatero ndiye ayambe kuyesa zokolola m'madera osiyanasiyana zaka zingapo, ndipo ngati ndi wa chimera apitenso ku labotale ndi kwa ofulula. Kuno kwathu pamapeto pake pali komiti ya boma yotchedwa Agricultural Technology Clearing Committee, imene imaona umboni isanalole mtundu kupita kwa alimi. Kuchokera pa kathumba ka pepala kaja kufika pa thumba la mbewu m'sitolo, zaka khumi zimatha mosavuta. Njira zofupikitsa zilipo. Mu 1970 akatswiri awiri, Kasha ndi Kao, ku Canada anaonetsa kuti pokwatitsa balere ndi m'bale wake wa kutchire n'kotheka kupeza mzere wokhazikika pa mbadwo umodzi. Mu 2018 ofufuza a ku Queensland ndi a John Innes Centre ku Britain anafalitsa njira yowalitsira mimera magetsi maola 22 pa tsiku, n'kumakolola mibadwo mpaka isanu ndi umodzi pa chaka. Koma kuyesa m'munda kulibe chidule, mvula ya chaka imagwa kamodzi.

Ndiye dziko la ndalama zochepa limasankha poika zaka khumizo, ndipo lathu linaika pa chimanga, fodya, mtedza, nyemba ndi mpunga, chifukwa ndi zimene zimadyetsa ndi kubweretsa ndalama. Kupanga balere amene kulibe fakitale yomugula kukanakhala kumanga nkhokwe munda usanalimidwe. Pamenepa sindikuona cholakwa. Ndiponso dziko ngati lathu silifunika kuyambira pa kukwatitsa. Likhoza kuitanitsa mizere yokhazikika kale kuchokera ku mabungwe a kafukufuku, n'kungoiyesa ku Tsangano, ku Bembeke, ku Neno ndi ku Ntchisi. Njira imeneyi ndi ya zaka zitatu kapena zinayi.

Ndipo mizere yotiyenera ingachokere kumpoto kuposa kummwera. Ku Ethiopia balere ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku m'mapiri a mamita 2,000 mpaka 3,000, amamukazinga n'kumatafuna ngati mtedza, amaphika phala lolimba, amafulula mowa wa pakhomo. Alimi a kumeneko asunga mitundu yosawerengeka, yoyera, yakuda, yofiirira, ya mizere iwiri ya njere pa ngala, ya mizere isanu ndi umodzi, yopanda makoko. Masana awo, monga athu, satalika kwenikweni. Chuma chimenechi chapulumutsa minda ya kutali. Mu 1937 ndi 1938 ofufuza a ku Germany anatolera balere wa alimi a ku Ethiopia, ndipo patapita zaka zinapezeka kuti ina mwa mitunduyo sigwidwa ndi nthenda yoyeretsa masamba ngati awazidwa ufa. Mbali ya chibadwa imeneyo, imene amaitcha mlo, inalowetsedwa m'mitundu ya ku Ulaya, ndipo kwa zaka zoposa 40 ikutetezabe gawo lalikulu la balere wa kumeneko. Kupirira nthenda ina yachikasu yofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba kunachokeranso ku balere wa ku Ethiopia. Amene anasunga mbewuzo anali alimi ngati inu, osankha ngala zabwino pokolola n'kuziika padera.

Bungwe limene lasamala kwambiri kafukufuku wa balere wa maiko ouma ndi ICARDA, limene linakhazikitsidwa mu 1977 ndipo likulu lake linali pafupi ndi Aleppo ku Syria. Nkhondo itavuta, ogwira ntchito anachoka, nkhokwe ya mbewu inatsala kumene sakanatha kufikako. Mwamwayi anali atatumiza kale zitsanzo ku nkhokwe ya pansi pa phiri la chisanu ku Svalbard m'dziko la Norway, imene inatsegulidwa mu 2008. Mu 2015 iwo ndiwo anali oyamba kukatapako, anadzala ku Lebanon ndi ku Morocco, anachulukitsa, n'kubwezanso zina ku Svalbard.

Koma chimene ndikufuna mumve bwino pa ICARDA ndi ntchito ya Salvatore Ceccarelli, katswiri wa balere wa ku Italy. Iye anaona kuti mitundu imene inkapambana pa siteshoni ya kafukufuku, pa nthaka yabwino yothiridwa feteleza, alimi osauka a m'madera ouma sankailandira, chifukwa kwawoko sinkapambana. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 anatenga mizere yoposa 200 n'kukaidzala m'minda ya alimi m'midzi isanu ndi inayi, n'kuwauza kuti asankhe okha. Zimene anasankha alimi zinasiyana ndi zimene akatswiri anasankha pa siteshoni, ndipo mudzi uliwonse unasankha zake. Alimiwo ankayang'ana zinthu zimene buku la zokolola silinkalemba: phesi lofewa loti nkhosa zidye, mmera wotalika mokwanira kuti ukololeke chaka cha chilala, ngakhale maonekedwe a njere, poti a kouma kwambiri ankakhulupirira balere wakuda. Ifenso tinaphunzira zomwezi pa chimanga. Kwa zaka zambiri amayi ankakana chimanga cha makono chifukwa chinkaphwanyika mu mtondo ndipo anankafumbwe ankachimaliza m'nkhokwe. Zinasintha pamene akatswiri a ku Chitedze anamvera mtondo n'kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, za njere zolimba zokonoleka bwino. Choncho yankho lakuti ndi balere uti angachite ku Tsangano silili ku Caledon, ndipo ngakhale ine ndilibe pa tebulo panga. Lidzatuluka m'munda mwanu.

Ndilole ndipatukeko pang'ono, chifukwa funso lanu lakhudza chilonda changa. Tikulakalaka mbewu ya chimera ya kutali pamene tili ndi zathu zitatu, mawere, mapira ndi mchewere. Nigeria italetsa kuitanitsa chimera cha balere mu 1988, mafakitale a mowa anaphunzira kufulula ndi mapira. Ku Uganda mowa wa Eagle unayamba mu 2002 ndi mapira oyera a mtundu wa Epuripur olimidwa ndi alimi ang'onoang'ono. Kuno tili ndi mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2, amene anatuluka mwa mgwirizano wa akatswiri athu ndi a bungwe la kafukufuku la ICRISAT a ku Matopos ku Zimbabwe, ndipo amathandiza kuchigwa cha Shire. Gebisa Ejeta, katswiri wa mapira wobadwira ku Ethiopia, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2009 chifukwa cha mapira opirira chilala ndi kaufiti. Mapira ndi mchewere zimakonda kotentha, kwanuko zingachedwe. Koma mawere ndi mbewu ya kumapiri, kwawo ndi kumtunda kwa Ethiopia ndi Uganda, ndipo ku Chitipa, ku Rumphi ndi ku Mzimba akulimidwabe. Amakhala zaka m'nkhokwe osafumbwa, ali ndi kashiamu wambiri kuposa mbewu zina zonse za ngala, ndipo mtengo wake pa msika wa m'tawuni kawirikawiri umaposa wa chimanga. Kafukufuku wawo anatsalira, mwa zina chifukwa duwa lake ndi laling'ono zedi moti kukwatitsa ndi kachitsulo kopanira n'kovuta kwambiri. Pakali pano mitundu yathu yambiri ili m'zikho ndi m'mitsuko ya agogo, ndipo gogo akamwalira popanda wolandira mtsukowo, mtunduwo wapita nawo kumanda. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamakolo, ndipo ya maiko a SADC ili ku Chalimbana kufupi ndi Lusaka. Ngati m'mudzi mwanu muli mayi wachikulire amene akusungabe mawere a makolo ake, mupempheni dzanja limodzi, mudzale, ndipo alangizi adziwe.

Tibwerere kwa balere. Pitani kwa alangizi a m'dera lanu muwauze kuti mukufuna kuyesa, ndipo apemphe ku nthambi ya kafukufuku ngati kungapezeke mizere yolowa mwalamulo. Mukapita ngati kalabu ya alimi mawu anu adzalemera kuposa kupita nokha. Mupemphe mitundu itatu kapena inayi, pakhale wa mizere iwiri, umene ndi umene ofulula ambiri amakonda, pakhalenso wopanda makoko ngati ulipo, chifukwa umenewo sumavutitsa mu mtondo. Mtundu uliwonse muupatse kandime ka mamita asanu mbali zonse, ndipo pambali pake mudzale tirigu wanu wa masiku onse kuti akhale muyeso. Mizere italikirane masentimita 20 mpaka 25, njere zilowe masentimita atatu kapena anayi m'dothi lofewa lopanda zibuma. Mudzale kawiri, koyamba pa nthawi imene mumadzala tirigu, kachiwiri patapita milungu iwiri kapena itatu, ndipo ngati muli ndi dimba losadikha madzi muyesenso kandime kothirira mu Meyi. Feteleza akhale wochepa ndipo athiridwe msanga, mmera usanayambe kutalika.

Kope likhale m'thumba. Lembani tsiku lodzala, tsiku limene theka la ngala latuluka, tsiku locha, mtundu umene wagwa ndi mphepo, umene wagwidwa chiwawu kapena mawanga, umene mbalame zaukonda. Mbalamezo musazipeputse, kandime kakang'ono kokhwima kokha m'dera lonse zimakamaliza m'mawa umodzi, pafunika wozipirikitsa kuyambira njere zikayamba mkaka. Mukolole phesi litauma gwa, njere ikamalira pa dzino, mupunthe mofatsa, mupete, muyeze pa sikelo mtundu uliwonse pawokha. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, poti njere yongokololedwa imayamba yagona, muwerenge njere 100 za mtundu uliwonse, muziyale pa nsalu yonyowa pamthunzi, ndipo tsiku lachitatu ndi lachisanu muwerenge zimene zamera. Nambala imeneyo ndi imene wogula chimera aliyense adzayambe kufunsa.

Zokolola za kandimezo sizidzasowa ntchito. Balere wokazinga ndi wokoma, ufa wake umaphika phala lokhalitsa m'mimba, ndipo mukausakaniza pang'ono ndi wa tirigu umalowa m'zitumbuwa ndi m'masikono, ngakhale pawokha sufufuma ngati tirigu. Amayi ayese chimera chake pa thobwa. Nkhumba ndi ng'ombe za mkaka zimamudya bwino akagayidwa, koma anapiye musawachulutsire, amawachititsa zitosi zomata. Ubwino wina ndi wakuti, poti balere amadzipatsa yekha mungu, mbewu yosunga siisintha ngati ya chimanga cha haibulidi. Mukapeza mtundu wokuyenerani mukhoza kuusunga zaka zingapo, bola muzizula msanga mimera yachilendo ndi ngala zamwaye zija, ndipo mitundu isasakanikirane popuntha.

Mphwanuyo akadali ndi katundu wofunika woti abweretse, wosafuna chilolezo pa chipata. Afunse kwa akapitawo ake dzina la mtundu umene amadzala, tsiku lodzala ndi lotulutsa ngala, makilogalamu a mbewu ndi a feteleza pa hekitala, ndi nthawi imene amathira. Afunse matenda amene amawavutitsa ndi chaka chimene katundu wawo anabwezedwa, chifukwa chake chinali chiyani. Ajambule pa foni mizu ya mmera wathanzi, ngala yokhwima ndi pepala limene amalembapo zotsatira za kupima njere pa fakitale. Zimenezo mudzaziike pambali pa kope lanu la chaka choyamba, ndipo mudzanditumizire zonse ziwiri tidzaziwerengere limodzi musanaganize za ekala.